Galimoto ya mawaya pansi pa benchi

Patchuthi chapitachi tinabwerera kwathu kwa Zulu, m'boma la Mchinji. Tisanapume n'komwe, akuluakulu a pampingo anatipempha kuti tizithandiza ana a Sitandade 7 masamu nthawi ya masana. Kumudzi munthu ukangolowa koleji ya uphunzitsi amayamba kukuitana kuti aphunzitsi, ngakhale udakali m'chaka chachiwiri ndipo sunaimepo kutsogolo kwa kalasi. Tinavomera mokondwa, mwinanso modzikuza pang'ono. Anatipatsa kachipinda kamene ana amaphunziriramo pa Sabata, mabenchi asanu, bolodi laling'ono ndi choko chokwanira milungu itatu.

Tsiku lachitatu tinali pa mutu umene m'buku amautcha ratio, kuyerekeza kukula kapena kuchuluka kwa zinthu ziwiri. Tikulemba pa bolodi, tinamva kaphokoso ka chitsulo kumbuyo. Mnyamata wina wa zaka ngati 12 anali atawerama, manja onse awiri ali pansi pa benchi.

"Iwe, bweretsa kuno chimene wabisacho."

"Si kanthu, aphunzitsi."

"Bweretsa msanga."

Anatulutsa galimoto ya mawaya yosatha, ya matayala atatu okha. Tinailanda n'kuiponya m'chikwama, ndipo tinamuuza kuti adzaitenga tsiku limene adzakhoze masamu. Anzake anaseka. Iye sanalire kapena kudandaula. Anangoyang'ana pansi, ndipo mpaka nthawi yoweruka sanalembe kanthu m'kope mwake.

Madzulo, titadya nsima, tinatsegula chikwama kuti tikonzekere za mawa, kagalimoto kaja n'kugwera pamkeka. Inali pikiapu. Tinagwira waya wa chiwongolero n'kuupotoza pang'ono, matayala onse awiri akutsogolo anakhota pamodzi, osakhula thupi la galimoto. Kumbuyo kunali timawaya tiwiri tosanjikizana, topindika ngati uta, kuti galimoto izinyuta ikaponda mwala. Mwana ameneyu anali atagonapo pansi pa pikiapu yeniyeni n'kuona mmene masipuling'i ake amakhalira. Tinakhala nthawi yaitali kagalimotoko kali m'manja, ndipo manyazi anatigwira, chifukwa mawu amene tinamuuza masanawo tinali titawamvapo kale, akunenedwa kwa ife.

Kwathu ndi pafupi ndi msewu wa M12, umene umachokera ku Lilongwe kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo, kufika pa boma la Mchinji, n'kupitirira ku chipata cha Mwami kulowera ku Chipata m'dziko la Zambia. Ana a m'mbali mwa msewu umenewu amakula akudziwa magalimoto kuposa mmene amadziwira mbalame. Tinkazindikira Scania ndi Volvo pongomva kulira kwake usiku. Tinkadziwa mathanki a mafuta, mathiraki a feteleza, malole onyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, ndi maminibasi odzaza mpaka matumba a mtedza kulendewera kumbuyo. Pakhomo pathu panalibe galimoto. Panali njinga ya bambo ndi ngolo ya agogo. Koma tinali anyamata anayi a msinkhu umodzi, ndipo aliyense anali ndi galimoto yake, yopanga yekha.

Tinayambira pa dongo. Tinkakumba kudambo, kuumba, kuboola ndi kamtengo pamalo pa matayala n'kuyanika pamthunzi, chifukwa pa dzuwa imang'aluka. Kenako tinafika pa mapesi a chimanga, amene mkati mwake ndi mofewa ndipo umalumikiza ndi timizere ta khungu la phesi lomwelo. Waya unali wa akuluakulu. Munthu ukayamba kupinda waya, ana ang'onoang'ono ankakutsata pambuyo kupempha kuti ayendetseko.

Waya wokhuthala wa thupi la galimoto tinkautola ku mipanda yakugwa ndi kwa okonza njinga, amene nthawi zina ankatipatsa masipoko othyoka tikawatungira madzi. Waya wofewa womangira tinkausolola m'mawailesi akufa, ndipo ukasowa tinkalenga timizere ta mphira kuchokera ku chubu chakale cha njinga. Matayala abwino koposa anali zitini za polishi wa nsapato. Ena ankadula mapatapata akutha mozungulira, ena ankaphatikiza zitsekerero za mabotolo ziwiriziwiri. Anzathu ankakuta magalimoto awo ndi mapaketi a Chibuku, amene ndi olimba ndipo salowa madzi, koma mayi anatiuziratu kuti chinthu chonunkha mowa chisadzalowe pabwalo pawo ngakhale chitakhala ndi matayala. Ife tinkakuta ndi mapepala a shuga ndi mabotolo a Sobo ong'amba.

Chodulira waya tinalibe. Tinkaupinda uku ndi uku pamalo amodzi mpaka utenthe n'kuduka, kapena kuuika pamwala n'kuumenya ndi mwala wina. Poyamba umapanga chimango cha pansi, cha ngodya zinayi, ndipo chikapendama pamenepo galimoto yonse imayenda chammbali ngati nkhanu. Mbali ziwiri za thupi tinkazipinda nthawi imodzi, mawaya awiri titawagwira pamodzi, kuti zifanane. Tikafuna tayala la waya, tinkadziwa kuti waya wake uyenera kutalika katatu kuposa kupingasa kwa tayalalo, n'kuonjezerapo kachidutswa. Palibe anatiuza kuti kachidutswa kameneko kali ndi dzina m'masamu. Chovuta kwambiri chinali chiwongolero. Tayala lililonse la kutsogolo limakhala pa kamkono kake kotembenuka, timikono tiwirito timalumikizidwa ndi waya umodzi wopingasa, ndipo waya wautali wofika m'chiuno mwa woyendetsa ndi umene umakankha wopingasayo. Ukalakwitsa utali ndi theka la chala, tayala lina limayang'ana ku Chipata, linzake ku Lilongwe.

Tisanamizire kuti zonse zinali zabwino. Chaka china tinasowa waya wa thiraki yaitali imene tinkaifuna, ndipo tinakamasula mawaya awiri pa chitseko cha khola la mbuzi la agogo, n'kumangapo luzi. Usiku mbuzi zinatafuna luzilo, zinatuluka n'kukalowa m'dimba la anansi athu. Kutacha, kabichi ndi mpiru zinali zitatha mzere wonse. Agogo sanafunse zambiri. Anangoyang'ana chitseko, kuyang'ana thiraki yathu yatsopano, n'kunena kuti, "Inu ana inu, galimoto yanuyi yadya ndiwo za eni ake." Mayi analipira ndowa ya chimanga m'chaka chimene nkhokwe yathu inali yosadzaza, ndipo ife tinakhala mwezi wathunthu tikuthirira dimba la eni ake m'mamawa tisanapite kusukulu. Choncho makolo ndi aphunzitsi akamadana ndi magalimoto a mawaya, sikuti alibe chifukwa. Mwana wofuna waya amatha kuba. Amatha kuotcha tayala lakale kuti asolole waya wa mkati, n'kumapuma utsi woipa. Amathanso kuiwala kuti pa tala pamadutsa mathiraki enieni.

Tili Sitandade 6, tinkapita ndi magalimoto athu kusukulu n'kuwaimika kuseri kwa kalasi, pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina aphunzitsi athu anawatolera onse, asanu ndi awiri, n'kuwapondaponda pamaso pathu. Anati zidole n'zimene zikutilepheretsa masamu. Sanali munthu woipa. Kalasi yathu inali yodzaza kwambiri moti ena tinkakhala pakhomo, ndipo iwo ankafunitsitsa kuti tidzakhoze mayeso. Koma chimene tikuchiona tsopano n'chakuti teremu yomweyo tinalephera mafunso a ratio. Pa bolodi panali manambala awiri okhala ndi timadontho tiwiri pakati, ofotokozedwa m'Chingerezi chimene tinkangochimva mwa apo ndi apo. Sitinaganizepo kuti manambala amenewo akukamba za chinthu chimene manja athu ankachita tsiku lililonse.

Chimene chinatitsegula maso chinachokera ku Joni. Amalume athu ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Johannesburg, ndipo atabwera kudzaona abale anatibweretsera bokosi limene abwana awo ankafuna kutaya, mwana wawo atalisiya osaligwira. Pamwamba panali chithunzi cha Toyota Land Cruiser, dzina lakuti Tamiya ndi manambala akuti 1/24. Tinaganiza kuti mkatimo muli galimoto yathunthu. Titatsegula tinapeza tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri tomatirira ku timafelemu, kalikonse ndi nambala yake, matayala a mphira, magalasi oonekera, kapepala ka zizindikiro ndi pepala lalikulu la malangizo a zithunzi, lolembedwa m'Chijapani ndi m'Chingerezi. Guluu ndi penti munalibe.

Pambuyo pake tinadziwa kuti kumaiko ena zimenezi ndi zosangalatsa za anthu akuluakulu ndithu, a ndevu zawo. Kampani ya Tamiya ili mu mzinda wa Shizuoka ku Japan, ndipo palinso ena monga Airfix ya ku Britain ndi Revell. Amasungunula pulasitiki n'kuithira m'zikombole zachitsulo, tizidutswa tonse n'kutuluka titalumikizana. Wogula amadula kachidutswa kalikonse ndi kampeni, kupala m'mphepete mwake, kuyesa ngati kakukwana asanamate, ndipo guluu amene amagwiritsa ntchito amasungunula pulasitikiyo pang'ono kuti zidutswa ziwiri zisanduke chimodzi. Penti amapaka yopyapyala, kawiri kapena katatu, akudikira kuti iume. Zizindikiro amaziviika m'madzi kuti zitsetsereke kuchoka pa pepala. Munthu amatha milungu ingapo pa galimoto imodzi yotalika ngati chikhatho ndi theka.

Ife zonsezi sitinkazidziwa, ndipo tinali ndi phuma. Tizidutswa toyamba tinkangotipotokola ndi zala, mpaka kagalasi koonera kumbuyo kanathyoka. Achimwene anatibwereka lezala. Guluu tinagula wa pa golosale, uja womatira mapatapata, amene amagwira nthawi yomweyo. Thupi anagwiradi, koma titamata magalasi tinapeza m'mawa mwake atayera mbuu ngati mwalowa nkhungu, chifukwa mpweya wa guluu ameneyu umasiya zoyera pa pulasitiki yoonekera. Penti tinapempha yotsala pa zitseko za tchalitchi, ya mafuta, yobiriwira, ndipo burashi yathu inali nthenga ya nkhuku. Tinapaka kamodzi kokha, yambiri. Mizere ya zitseko inakwiririka, fumbi la mwezi wa Okutobala linamatirira, ndipo tsiku lachiwiri mmodzi wa ife analephera kupirira, anagwira padenga kuti aone ngati yauma. Chidindo cha chala chake chilipo mpaka lero. Agogo ataiona anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Itatha, tinapeza kuti siyendetseka. Inali yosachedwa kuthyoka, yopanda pogwira, yosayenera msewu wa fumbi. Mayi anaiika pamwamba pa kabati pafupi ndi mbale za alendo. Koma manambala aja a pa bokosi sanatichoke m'mutu. Tinafunsa achimwene, amene anali Fomu 3. Anatenga rula n'kuyeza kagalimotoko: masentimita 20. Anatiuza kuti tichulukitse ndi 24. Tinapeza 480, kutanthauza mamita anayi ndi masentimita 80, utali wa Land Cruiser yeniyeni ya mtundu umenewo. Kenako anati chitseko, tayala, nyale, chilichonse chachepetsedwa ka 24, osati china ka 20 china ka 30, ndipo n'chifukwa chake kamaoneka ngati kenikeni. Pomwepo tinamvetsa chimene chinkavuta pa magalimoto athu ena, amene ankaoneka ngati mwana wovala nsapato za bambo ake. Matayala ndi thupi sizinkachepetsedwa mofanana.

Lamlungu lotsatira tinapita pa Kamwendo ndi chingwe cha thumba la feteleza. Panali minibasi ya Toyota Hiace imene inkadikira anthu. Tinayamba kuyeza tayala mobisala, kondakitala n'kutithamangitsa poganiza kuti tikufuna kuba zotsekera mpweya. Adalaivala, bambo achikulire, anatiitana.

"Mukufuna chiyani pa galimoto yanga, ana inu?"

"Tikufuna kupanga ina ngati yomweyi, bambo."

Anaseka kwambiri, koma anatsika n'kutigwirira nsonga ya chingwe. Tinamanga mfundo pa utali wa galimoto, pa msinkhu wake, pa mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndi pa kupingasa kwa tayala. Kunyumba tinayeza mfundozo ndi rula ya achimwene. Tayala linali pafupifupi masentimita 70, ndipo chitini chathu cha polishi chinali pafupifupi masentimita 7. Basi, mlingo unadzisankha wokha: 1:10. Minibasi ya mamita anayi ndi masentimita 70 inayenera kukhala masentimita 47. Tinagawa muyeso uliwonse ndi 10, kujambula pa dothi ndi kamtengo, n'kupinda waya motsata chojambulacho. Itatha, anthu akuluakulu ankaima panjira kuiyang'ana. Ankadziwa kuti ndi Hiace tisanawauze. Chaka chimenecho mafunso a ratio ndi a mlingo wa mapu sanativutenso.

Tikayerekeza ziwirizi lero, timaona kuti chilichonse chinatipatsa chake. Bokosi la amalume linatiphunzitsa kuwerenga malangizo, kutsata ndondomeko, kuyesa tisanamate, ndi kudikira penti. Linatipatsanso nambala. Koma kuyang'ana konse anali atatichitira kale anthu a ku Shizuoka, amene anayeza galimoto yeniyeni n'kusankha chimene chikhalepo. Pa waya palibe wokuyang'anira. Umayenera kugwada wekha pafupi ndi lole, kuona kuti denga lake limapendekera pati, kusankha mizere isanu kapena isanu ndi umodzi imene ikachotsedwa galimotoyo singadziwikenso, n'kusiya ina yonse. Mwana amene wapanga pikiapu ya masipuling'i waona, wayeza, wasankha, walakwitsa n'kukonza. Ku koleji kuno timaphunzira mayina a Chingerezi a zonsezi ndipo timalembapo mayeso.

Anthu akunja anaona msanga phindu la zimene ife tinkaziyesa zidole. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo kuno ku Malawi, anasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto, lokhala ndi zithunzi za Catherine Stock. Limakamba za mnyamata woyendayenda m'mudzi kusaka mawaya. Ana a m'sukulu za ku America akhala akuliwerenga zaka zonsezi, ena n'kumayesa kupinda waya m'kalasi, pamene ife eni ake tinkabisa magalimoto athu kuseri kwa mtengo wa mango. Tonse tikudziwanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009 ndi mu filimu mu 2019. Sitikunena kuti mwana aliyense wopinda waya adzakhala Kamkwamba. Ambiri adzakhala alimi, amakanika, aphunzitsi ndi madalaivala, ndipo onsewa amafunika kudziwa kuyeza.

M'maphunziro athu a uphunzitsi muli mawu amene tonse timawaloweza, TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa zimenezi kwa zaka zambiri. Pa mayeso timalemba bwino za zitsekerero za mabotolo, timiyala ndi timitengo towerengera. Sukulu za mpingo zimene tadutsamo zinatiphunzitsanso kuti maphunziro enieni amakhudza mutu, mtima ndi manja. Komabe tsiku loyamba limene chipangizo chophunzitsira chinalowa chokha m'kalasi mwathu, chopangidwa kale ndi wophunzira, ife tinachiponya m'chikwama. Tinachita zimene tinachitiridwa, osaganiza n'komwe. Chimenechi n'chimene chinatiopsa usiku uja, chifukwa mphunzitsi amakhala pa ntchito zaka makumi atatu kapena kuposerapo, ndipo ana odutsa m'manja mwake ndi zikwi.

Pali cholakwa china chimene tinakumbukira. Mlongo wathu wamng'ono ankakonda kukhala pafupi tikamapanga magalimoto, ndipo ife tinkamuthamangitsa kuti akasewere masanje. Tinkangomulola kusoka timipando ta nsalu. Tsiku lina titapita kudambo, anatenga Hiace ija, imene chiwongolero chake chinali chitayamba kulimba, n'kuikonza. Anapeza kuti waya wopingasa ukukhula chimango, chinthu chimene anyamata anayi tinalephera kuchiona kwa mlungu wathunthu. M'malo momuthokoza tinamukalipira kuti wagwira zinthu za amuna. Sanagwirenso waya kuyambira tsiku limenelo. Lero ali Fomu 2 ndipo amanena kuti masamu si a iye.

M'mawa mwake tinapita kukalasi ndi pikiapu ija, chingwe, ndi rula ziwiri. Tisanayambe, tinamuitana mnyamata uja kutsogolo. Anabwera mwamantha, poganiza kuti chilango chikupitirira.

"Galimoto yako nayi. Dzulo tinalakwitsa kukulanda motero pamaso pa anzako. Koma nthawi ya phunziro si nthawi yopinda waya, wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Waya unautenga kuti?"

"Kwa okonza njinga. Ndinawapopera matayala."

"Chabwino. Tsopano auze anzako, tayala ili unadziwa bwanji kuti likhale lalikulu chonchi?"

Anakanda m'mutu. Anati anangoona kuti likuyenera. Tinatuluka tonse panja pamene panali ngolo ya munthu wina wa pampingo, ndipo tinawagawa anawo m'magulu, atsikana ndi anyamata pamodzi, chingwe tikupatsa atsikana. Anayeza tayala la ngolo, utali wake ndi m'lifupi mwake. Kenako tinawapatsa chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira n'kuwafunsa kuti, ngati ili ndilo tayala, ngolo yathu italike bwanji? Panali mkangano waukulu. Gulu lina linachotsera m'malo mogawa, n'kupeza ngolo yaitali pafupifupi ngati yeniyeni ija. Mtsikana wina ndi amene anayamba kuona kuti tiyenera kudziwa kaye kuti chitsekererocho chimalowa kangati m'tayala lenileni. Atapeza nambalayo, tinailemba pa bolodi ndi timadontho tiwiri pakati, monga mmene ilili m'buku.

Sitinganene kuti onse anamvetsa. Pa ana 23, ena anakhozabe theka la mafunso amene tinawapatsa Lachisanu, ndipo awiri sanakhoze ngakhale limodzi. Phunzirolo linadya masana onse, pamene m'buku linayenera kutenga mphindi makumi anayi, ndipo tikudziwa kuti m'kalasi ya ana oposa 100 sizingakhale zophweka chonchi. Mayi wina anabwera kudzafunsa ngati tikuphunzitsa masamu kapena masewera, ndipo tinayenera kumuonetsa makope. Mnyamata wa pikiapu anakhoza mafunso asanu ndi awiri pa khumi. Atalandira kope lake anafunsa ngati mayeso a Sitandade 8 amalola kulowa ndi waya. Tinamuuza kuti salola, koma rula amalola.

Kwa anzathu amene tikuphunzira limodzi uphunzitsi, ndi kwa makolo a m'mipingo yathu, pempho lathu ndi laling'ono. Mukapeza mwana ali ndi galimoto ya mawaya, mufunseni kumene watenga waya, chifukwa funso limenelo ndi lofunika. Muuzeni asaotche matayala ndiponso asayendetse pa tala. Mukatero itembenuzeni galimotoyo muione pansi, mupotoze chiwongolero, mumufunse kuti anayeza bwanji. Ngati mlongo wake waima chapafupi, mupatseni nayenso waya. Mpingo umene uli ndi gulu la Pathfinder ukhoza kupatula masana a Lamlungu limodzi, kupempha mawaya otsala kwa owotcherera zitsulo, n'kuitana dalaivala mmodzi kuti aimike galimoto yake pabwalo ana aiyeze.

Tisanabwerere kuno kusukulu tinatsitsa Land Cruiser ija pa kabati n'kuipukuta fumbi. Magalasi ake adakali oyera mbuu, chidindo cha chala chidakali padenga. Tinaipereka kwa mlongo wathu pamodzi ndi rula, n'kumupempha kuti atiuze utali wa galimoto yeniyeni. Anatiyang'ana mokayika, poganiza kuti tikumuseka. Tinamukumbutsa za chiwongolero chimene anakonza, ndipo tinapepesa, ngakhale papita zaka zambiri. Sanayankhe kanthu. Anatenga pensulo n'kukhala pakhonde. Tikukwera minibasi pa Kamwendo, uthenga unalowa pa foni kuchokera pa nambala ya mayi: 480, ndi funso lakuti waya wabwino amaupeza kuti.